Kamera ikafika pa tebulo panu, funsani mtengo

Amai ndi atate a m'misika, inu a pa Soweto, a pa Mtendere, ndi inu amene mumalawirira na tomato kuchoka ku Chongwe! Lelo tikambe za mafilimu. Musanene kuti izo ni za anyamata a mafoni chabe. Nkhaniyi ili na ndalama zanu mkati.

Mu 2017 kunatuluka filimu ya I Am Not a Witch, yojambulidwa muno mu Zambia, anthu akukamba Chinyanja, Chibemba ndi Chitonga. Anaipanga ni Rungano Nyoni, wobadwira mu Lusaka koma wokulira ku Wales. Inaonetsedwa ku Cannes, ku France, ndipo mu 2018 inawina mphoto ya BAFTA ku London. Manje funsani kuti nkhope zimene azungu anaombera m'manja zinali za ndani. Wosewera wamkulu, Maggie Mulubwa, anali kamtsikana ka ku Luapula kamene kanali kasanasewerepo filimu. Ambiri mwa osewera anzake analinso anthu wamba, monga amai amene mumakhala nawo pa mzere wa kapenta.

Mu filimumo Maggie ni Shula, mwana wonamiziridwa ufiti. Amumanga kansalu koyera kumsana, namuuza kuti akakadula adzasanduka mbuzi. Ndiye pali a Banda, munthu wa boma, amene anasewera ni Henry B.J. Phiri. Iwo aona kuti mwanayu ni mgodi. Ayenda naye uku ndi uku, mpaka pa TV, kugulitsa mazira m'dzina lake. Alendo nawonso abwera kudzajambula amai omangidwawo ngati nyama za ku Munda Wanga. Filimu yeniyeniyo ikutichenjeza: nkhope ya wosauka imapanga ndalama, koma ndalamazo zimalowa m'thumba la wina.

Pano sitikunena opanga filimuyo. Anatitchukitsa, ndipo mai Nyoni anabwelanso na ina, On Becoming a Guinea Fowl, imene inawapatsa mphoto ku Cannes mu 2024. Tikukamba za mawa, chifukwa makamera adzabwelanso, ndipo wopanga filimu wa ndalama zochepa amafuna malo apafupi. Onani Chongwe. Ni makilomita pafupifupi 45 chabe kuchoka mu Lusaka pa Great East Road, bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lili m'boma lomwelo, ndipo kuli midzi, minda ndi msika. Munthu angajambule tsiku lonse, madzulo n'kukagona kwake osalipira hotela. Akafuna gulu la anthu kumbuyo kwa wosewera, adzabwela kwa inu.

Tsikulo likafika, musathamangire kuvala chitenge chatsopano musanafunse. Inu mukudziwa bwino kuti tsiku limodzi losagulitsa limatanthauza chiyani. Tomato sayembekeza kamera, amaola. Chibwabwa chimafota, msonkho wa pamsika ufunika, ya chilimba ifunika, ana kunyumba afuna nsima. Ngati akuuzani kuti makasitomala aime pambali kwa maola anai, amenewo ni malonda anu aima. Ndiye funsani zinthu izi:

Mundipatsa zingati pa tsiku, ndipo liti?
Tebulo langa ndi katundu wanga zikaoneka, mtengo wake ni wotani?
Filimuyi idzaonetsedwa kuti, ndipo dzina langa lidzalembedwa kumapeto?
Pepala limene ndikusaina likunena chiyani mu Chinyanja kapena Chisoli?

Musasaine chimene simunamve. Itanani wa komiti ya pamsika kapena mwana wanu wa sekondale akuwerengereni, ndipo pepala lina likhale na inu. Akafuna mwana wanu, mpamene muyenera kuuma mtima kwambiri. Kholo likhalepo, sukulu isaphonyedwe, ndipo ndalama za mwana zilembedwe poyera. Komanso funsani kuti adzasewera ngati ndani. Amene asewera ngati mfiti amabwelela kumudzi komweko, kumene ena sasiyanitsa sewero ndi zoona. A filimu akapakira makamera, iye amatsala na dzinalo.

Ena adzati, ah, mukufuna kupha ana athu amene akungoyamba, ali na kamera imodzi yobweleka. Zoona, ambiri alibe ndalama, ndipo tiwathandize. Koma inu mukapatsa kasitomala nkhongole simumalemba m'buku? Chitani chimodzimodzi. Ngati lelo alibe, alembe kuti filimu ikagulidwa, kaya ni Zambezi Magic kaya ni kunja, gawo lanu ni lakuti. Mnyamata woona mtima sadzakana kulemba. Wokana kulemba, mwamudziwa kale.

Palinso mbali ya akuluakulu. Ndalama zambiri zopangira I Am Not a Witch zinachokera ku Ulaya, ku mabungwe monga BFI ndi Film4, ndipo pa mpikisano wa Oscar filimuyo inatumizidwa na dziko la Britain. Nkhope zathu, zinenero zathu, fumbi lathu, koma mbendera ya eni ndalama. Bungwe la National Arts Council lilipo mwalamulo kuyambira 1994. N'chiyani chingaliletse kulengeza mtengo wochepetsetsa wa tsiku kwa munthu wamba woonekera mu filimu, n'kuumata pa geti ya msika uliwonse? Ndipo ngati a council alandila ndalama kuti alole kujambula mumsika, amene malonda awo aima adziwe kuti zalowa zingati ndipo zapita kuti.

Chomaliza n'chakuti filimu yojambulidwa pakati pathu ionetsedwenso pakati pathu. Nsalu yoyera, jenereta ndi bwalo la sukulu ku Chongwe zikwanira kuti ambuya adzione okha, osati kungomva kuti ku France anawaombera m'manja.

Inu simulola munthu kunyamula mulu wa impwa ati chifukwa waukonda. Nkhope yanu, mau anu ndi tsiku lanu ni katundunso. Uzani mnzanu wa pa tebulo loyandikana, kuti kamera ikafika mukambe mtengo umodzi.