Phunziro la banzi la ku Maine: mtengo ukwere, mulingo usatsike

M'tauni yaing'ono ya Wiscasset, m'chigawo cha Maine kumpoto chakum'mawa kwa America, muli kanyumba kogulitsiramo chakudya kotchedwa Red's Eats. Kali m'mphepete mwa msewu wa Route 1, pafupi ndi mlatho wa mtsinje wa Sheepscot. Ogula amalandirira chakudya pawindo n'kukadyera panja. Komabe m'miyezi ya July ndi August anthu amaima pamzere ola lathunthu, nthawi zina kuposerapo, kudikira banzi limodzi.

Banzilo amalitcha lobster roll. Lobster ndi nyama ya m'nyanja ya mchere, m'bale wake wa nkhanu, ya chigoba cholimba, mchira wonenepa ndi manja awiri akuluakulu opanira. Amaiwiritsa, kuswa chigoba, kuchotsa mnofu n'kuupakira m'banzi lalitali long'ambidwa pamwamba, lomwe mbali zake amazipaka batala n'kuziwaula pachiwaya. Basi, chakudya chatha pamenepo.

Alendo ambiri amayenda gombe lonselo, kanyumba ndi kanyumba, kulawa ndi kuyerekeza, ndipo mkangano wawo sutha. Ku Maine mnofu amaupereka wozizira, atausakaniza ndi mayonezi pang'ono. Ku Connecticut amaupereka wotentha, atauthira batala wosungunula, ndipo zimanenedwa kuti kaphikidweka kanayambira pamalo odyera otchedwa Perry's, ku Milford, m'zaka za m'ma 1920. A Red's Eats salowerera mkanganowo: amaika mnofu wokhawokha, batala ndi mayonezi n'kuzipereka pambali kuti wogula asankhe yekha. A Clam Shack, pamlatho wa ku Kennebunkport, amagwiritsa ntchito banzi lozungulira m'malo mwa lalitali lija.

Zoti batala kapena mayonezi ndi nkhani ya lilime la munthu, wamalonda asataye nayo nthawi. Chofunika kwa iye ndi zomwe olawa amayang'ana banzi likangofika m'manja. Amaona ngati zidutswa za mnofu zili zikuluzikulu, za kumchira ndi kumanja, kapena ndi zinyenyeswazi. Amaona ngati pansi pa banzi ayalapo masamba a letesi kuti mnofu wochepa uoneke wodzaza. Amamva pakamwa ngati mayonezi wachuluka n'cholinga chobisa mnofu wogonetsa m'fuliji. Chakudya cha zinthu zitatu zokha chilibe pobisalira chinyengo, ndipo wogula amene wadya malo awiri kapena atatu tsiku limodzi amadziwa msanga amene wamubera.

Chiyeso chobera n'chachikulu ndithu, chifukwa masamu a malondawa ndi owawa. Lobster wamoyo wolemera paundi imodzi ndi kotala amatulutsa mnofu wongokwana pafupifupi kotala ya paundi, omwe ndi magalamu 113. Zotsalazo ndi chigoba, madzi ndi za m'mimba. Ndiye kuti banzi limodzi labwino limadya lobster mmodzi wathunthu. Mtengo wa msodzi ukakwera ndi dola imodzi pa paundi, mtengo wa paundi ya mnofu wosenda umakwera ndi madola pafupifupi asanu, osawerengera malipiro a osenda zigoba. M'chilimwe, pomwe alendo amachuluka, lobster ambiri amakhala atangofundula kumene, chigoba chili chofewa, mkati muli madzi ambiri kuposa mnofu. Ambiri amati mnofu wake ndi wotsekemera, koma wogulitsa amayenera kuswa zigoba zambiri kuti adzaze banzi lomwelo.

Mtengo wa kugombe nawo sukhazikika. Mu 2012 lobster adachuluka kwambiri moti asodzi a ku Maine ankalandira ndalama zosafika madola atatu pa paundi, ndipo asodzi a ku New Brunswick ku Canada adatchinga mafakitale akwawo pokana lobster wotchipa wochokera ku Maine. Mu 2016 asodzi a ku Maine adakola mapaundi oposa 130 miliyoni. Mu 2021 zidatembenuka: mtengo udakwera, lobster wa chaka chimenecho adagulitsidwa madola oposa 700 miliyoni pagombe, ndipo m'malo ena banzi limodzi lidadutsa madola 30.

Mtengo woodera ukamavina chonchi, wogulitsa ali ndi njira ziwiri. Angasunge mtengo wakale n'kumachepetsa mnofu mwakachetechete, kapena angasunge mulingo n'kusintha mtengo poyera. Malo amene akhalitsa pagombe la Maine, ambiri adasankha njira yachiwiri. Luke's Lobster, yomwe Luke Holden adatsegula ku New York mu 2009, imanena poyera kuti banzi lake limakhala ndi kotala ya paundi ya mnofu. Abbott's ya ku Noank, m'chigawo cha Connecticut, nayo imatchula kulemera kwa mnofu. A Red's Eats amati banzi lawo limanyamula mnofu woposa wa lobster mmodzi. Wogula akhoza kudandaula kuti mtengo wakwera, koma sangati wanamizidwa, ndipo chaka chamawa amabweranso ndi anzake.

Njira imeneyi ndiyo yolondola, ndipo siyachilendo kwa aliyense wogulitsa usipa pambale, tomato pamulu kapena chipisi pachiwaya. Mulu umene dzulo unali wa tomato asanu lero n'kukhala wa anayi, mtengo uli womwewo, kasitomala amaona ngakhale sanena kanthu. Mbale yoyezera yomenyedwa pansi kuti ilowe zochepa imapindulitsa sabata imodzi, kenako mayi uja amangodutsa n'kukaima pabenchi la mnzako. Ndalama yopulumutsidwa pa tomato mmodzi siingafanane ndi ya kasitomala wa tsiku ndi tsiku amene wachoka osatsanzika.

Pali chodandaula chomveka apa. Alendo a ku Maine ali patchuthi, m'thumba muli ndalama, mtengo ukakwera amangolipira. Wogula wa pamsika amabwera ndi ndalama yowerengera kale, ya ndiwo za tsikulo, ndipo ukamukwezera amachoka chimanjamanja. Zimenezi n'zoona, koma yankho lake si kuchepetsa mobisa. Malo ambiri ogulitsa lobster roll ali ndi banzi laling'ono ndi lalikulu, lililonse ndi mtengo wake. Wa ndalama zochepa amatenga laling'ono akudziwa kuti ndi laling'ono. Mulu wa tomato atatu wotchulidwa kuti ndi wa atatu sukwiyitsa munthu. Umene umakwiyitsa ndi wa anayi woyalidwa motalikirana kuti uoneke ngati wa asanu.

Si zonse za kumeneko zoyenera kutengera. Malo ambiri salemba mtengo wa banzili pabolodi, amangolemba mawu oti market price, kutanthauza mtengo wa tsikulo. Cholinga chake n'chomveka, poti mtengo woodera umasintha, koma chizolowezichi n'choipa. Munthu waima pamzere ola lonse, n'kudzamva mtengo atafika pawindo, kumbuyo kuli anthu akumuyang'ana. Ambiri amalipira chifukwa cha manyazi, n'kuchoka ndi mkwiyo. Choko n'chotchipa: mtengo wa lero ulembedwe m'mawa, mawa ufufutidwe.

Mzere wautali nawonso usanamize munthu. Olawa ambiri amavomereza kuti pagombe lomwelo pali tinyumba tina, monga McLoons ku South Thomaston, tomwe banzi lake limapikisana ndi la malo otchuka kwambiri. Pawindo limodzi sipangadutse anthu ambiri pa ola, choncho mzere umasonyezanso kuchedwa kwa ntchito, ndipo ena otopa ndi kudikira amawoloka msewu kukagula kwa woyandikana naye. Malo ambiri oterewa amatseka nyengo yozizira ikafika, ndiye phindu la chaka chonse liyenera kupezeka m'miyezi yochepa ya alendo.

Mulingo umayambira m'bwato momwe. Lamulo la ku Maine limaletsa kusunga lobster amene chigoba chake cha pamsana sichinafike mainchesi atatu ndi kotala, kapena chapitirira mainchesi asanu, ndipo msodzi amayenda ndi kachitsulo koyezera. Akakola wamkazi wonyamula mazira amamudula kachizindikiro kooneka ngati V kumchira n'kumubwezera m'madzi, ndipo amene adzamukolenso saloledwa kumugulitsa.