Cikomekome ca Mkuyu

Pakati pa mzinda wa Kabwe pali mkuyu waukulu umene Boma linauika pa zikumbutso za dziko, pakuti masiku oyamba a Broken Hill anthu anali kusonkhana mu mthunzi wace. Akulu akale amene anali kuudziwa mtengo wa mtundu umenewu anatisiyira mwambi wakuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo palibe nchito ina imene mwambiwu uikhala bwino kuposa nchito ya m'malo a zisangalalo.

Mnyamata wa ku Mpima akalemba mayeso a Giredi 12, ndalama za ku koleji n'kusowa, amayamba kuyang'ana mseu wopita ku tauni. Kwao kuli minda, kuli ng'ombe, kuli seminale ya St Augustine kumene aphunzira ofuna unsembe. Koma iye amene wabvala nsapato zaka 12 safuna kubwerera ku khasu. Tsono maso ace amagwa pa malo amene acuruka masiku ano m'Kabwe ndi m'mbali mwa mseu wa ku Lusaka: nyumba za alendo zokhala ndi dziwe losambiramo, akatungwe a ana, zibaluni zodumphapo, ndi nyimbo zosalekeza Loweruka ndi Lamulungu. Iye aona anzace atabvala malaya ofanana, alikunyamula mbale pakati pa anthu oseka, nati mumtima mwace, iyi si nchito, ndi phwando.

Pomlemba nchito, bwana kapena kapitao wace sayamba ndi malipiro ai. Amayamba ndi zina: kuti pano munthu adya nsima ya masana ulere, apatsidwa yunifomu, asambira m'dziwe alendo akapita, ndipo alendo okoma mtima amasiya kenakace pa tebulo. Za ndalama zimadza potsiriza, ndi mau apansipansi, kawirikawiri popanda pepala. Mnyamatayo acita manyazi kufunsa, pakuti anamlera kuti mwana safunsa mkulu kawiri.

Apa ndipo pali cinyengo. Ali yense amene anagulapo tomato pa msika adziwa mbasela. Mai wogulitsa amayamba wadzaza mulu wonse umene munthu walipira, ndipo pamwamba pace amaonjeza tomato mmodzi wa cikondi. Mai amene angacotse theka la mulu, napereka mbasela kuti wogula asaone, anzace omwe angamseke ndi kumucha wakuba. Nanga bwanji eni malo ena a zisangalalo acita comweco kwa anchito ao, anthu n'kumawayamika kuti ali ndi mtima wabwino? Nsima, yunifomu ndi kusambira ndizo mbasela. Zikhala zabwino pamwamba pa malipiro okwana. Zikalowa m'malo mwa malipiro zasanduka nsaru yophimba maso.

Wina angaganize kuti bvutoli nla maiko osauka okha. Si tero. M'Zambia mulibe munda wa masewera wofanana ndi Disneyland, umene unatsegulidwa mu 1955 ku Anaheim, m'cigawo ca California ku America. Zathu ndi zazing'ono, monga munda wa Munda Wanga ku Chilanga, kapena makina ozungulira amene aimikidwa pa cionetsero ca zaulimi ku Lusaka mwezi wa August ukamayamba. Koma mbiri ya Disneyland iyenera kudziwika kwa ali yense wofuna nchito yotere. Kumeneko anchito sachedwa anchito, achedwa ngati anthu a m'sewero, ndipo mbasela yao yochuka ndiyo kulowa m'mundamo ulere. Mu 2018 ofufuza a ku Occidental College pamodzi ndi bungwe la Economic Roundtable anafunsa anchito ngati 5,000 a pamalopo. Pafupifupi atatu mwa anai ali onse anati malipiro sakwanira zofunika za pa mwezi, ndipo oposa mmodzi mwa khumi anati pa zaka 2 zapitazo panali nthawi imene anasowa nyumba yogonamo. Kampani inatsutsa kafukufukuyo, inati sanaonetse cithunzi coona. Koma caka comweco anthu a ku Anaheim anabvota lamulo lokweza malipiro, ndipo kumapeto kwa 2024 kampaniyo inabvomera kupereka madola 233 miliyoni kuti uthe mlandu wa anchito odandaula kuti sanalipidwe monga mwa lamulolo. Mu July 2024 mabungwe oimira anchito 14,000 anaopseza sitalaka, ndipo malipiro otsika anakwera kufika madola 24 pa ora. Tikiti yolowera ulere inalipo zaka zonsezo, koma palibe mwini nyumba amene anailandira m'malo mwa lendi.

Anthu a ku Kabwe safunika kupita ku America kuti amve zimenezi, pakuti makolo ao anaziona. Mwala wa mtobvu ndi zinki unapezeka pano mu 1902, njanji inafika mu 1906, ndipo amuna anacokera kutali, ena ku Fort Jameson ndi ku Nyasaland, kudzalowa mugodi. Malipiro a mwezi anali ocepa, koma kampani inali kupereka posho ndi kanyumba m'komboni. Godfrey Wilson wa Rhodes-Livingstone Institute, amene anafufuza za moyo wa anthu akuda m'Broken Hill nasindikiza zimene anapeza mu 1941 ndi 1942, anaonetsa kuti malipirowo anali kuwerengedwa ngati a mbeta yongodutsa, cikhalireco ambiri anali ndi akazi ndi ana m'tauni momwemo, nakhalamo zaka zambiri. Mugodi unabwereka anchito ena minda ya maekala 5 kuti azilima cakudya cao. Poyang'ana kunja imeneyo inali mphatso. Poyang'anitsa, anali mkazi wa wanchito amene analikudyetsa banja ndi khasu lace, kuti kampani isaonjeze ndalama. Ndipo nyumba inali ya nchito: wocotsedwa nchito anali kucotsedwanso m'nyumba. Munthu amene pakamwa pace ndi denga lace ziri m'manja mwa bwana sayankha bwana, ndipo mabwana anali kucidziwa bwino cimeneci.

Anchito a m'migodi sanatuluke m'menemo cifukwa ca cifundo ca wina. Mu 1949 anapanga bungwe lao motsogozedwa ndi Lawrence Katilungu, ndipo mu 1952 ku Copperbelt analeka nchito milungu 3, ndipo pambuyo pace mlandu wa malipiro unaweruzidwa mowakomera. Cimene anapempha cinali ndalama za m'manja. Ndipo pamene mugodi wa Kabwe unatsekedwa mu 1994, zokoma zonse zodza ndi nchito zinatha pamodzi ndi nchitoyo, mtobvu wokha ndiwo unatsalira m'dothi la ku Kasanda ndi ku Chowa. Mdzukulu wa anthu amenewa akalandira mbale ya nsima m'malo mwa malipiro, wabwerera ku posho amene agogo ace anamkana.

Cimene cimvetsa cisoni ndi cakuti malamulo alipo, koma ana a sukulu amaturuka atadziwa mitsinje ya ku Canada osadziwa ndime imodzi ya Employment Code Act ya 2019. Lamulo limenelo likaniza kulemba munthu ngati waganyu pa nchito imene iri yokhalitsa. Dziwe limene lisesedwa tsiku ndi tsiku caka conse si ganyu, ngakhale kapitao alichule pisiweki. Pangano la miyezi 6 kapena kuposa liyenera kulembedwa. Mlungu wa nchito uli ndi maora 48. Opitirira pamenepo alipidwa ora limodzi ndi theka, ndipo tsiku la cikondwerero ca dziko kapena tsiku lopumula alipidwa kawiri. Tsono mtsikana amene aima maora 10 pa tsiku, masiku 6 pa mlungu, wagwira maora 60, ndipo 12 a iwo ali ndi mtengo wao wapadera. Masiku amene malo a zisangalalo adzaza koposa, Khirisimasi, Caka Catsopano, 24 October, ndiwo masiku omwewo amene lamulo liti alipidwe kawiri. Wanchito wokhalitsa apatanso masiku 2 opumula pa mwezi uli wonse umene wagwira.

Lamulo la malipiro otsika limene linayamba pa 1 January 2024 linaika K2,313.10 pa mwezi kwa anchito wamba monga osesa, ndipo kagawidwe kace nkoyenera kukaloweza pamtima: K1,487 malipiro eni eni, K446.10 ya nyumba, K200 ya ulendo, ndi K180 ya cakudya ca masana. Ciwerengero cotsirizaci cithetsa mkangano wonse. Boma linayesa nsima ya masana ya mwezi wathunthu, niliipeza K180. Bwana wodyetsa anchito ace cakudya cokwana angathe kusunga K180 imeneyo, osati ngwee imodzi pamwamba pace. Ya ulendo iperekedwa kwa wokhala kutali kuposa makilomita 3 ngati bwana sapereka galimoto, ndipo wocokera ku Mpima kupita pakati pa tauni ayenera kuuyeza mtunda wace. Palinso lamulo la zokopa alendo la 2015, limene liti nyumba za alendo ndi zodyeramo ziziika ndalama ya utumiki pamwamba pa mtengo, ndiyo 10 pa 100 ali onse, ndipo ndalamayo igawidwe mofanana kwa anchito, kupatula oyang'anira. Imeneyo si mphatso ya bwana. Wapereka ndi mlendo, ndipo mwini wace ndi wonyamula mbale.

Eni malo ali ndi yankho lao, ndipo si lonse labodza. Ati malonda ao ngamasiku: Lolemba ndi Laciwiri pabwalo pali mbalame zokha, June ndi July palibe wofuna kulowa m'madzi ozizira, mu 2020 matenda a Covid anatseka zipata, ndipo mu 2024 cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, magetsi nazima maora ambiri, dizilo wa jenereta nadya phindu. Zonsezi nzoona. Koma wogulitsa dizilo analandira mtengo wace wonse, wogulitsa mankhwala a m'dziwe analandira wace, ndipo palibe bwana amene anayesa kulipira ZESCO ndi nsima. Mwa onse amene malowo awadalira, mmodzi yekha ndiye apemphedwa kuti amvetse, ndiye mtsikana wa zaka 19 amene alibe womlankhulira. Ngati malonda ngamasiku, lilembedwe pangano la masikuwo ndi mtengo wace woona. Malonda amene aima pokhapokha wanchito atalipidwa mopereweza, ndiye kuti wanchitoyo ndiye alikuwathandiza ndi thumba lace.

Yankho lina nlakuti pa cipata pali ena makumi ofuna nchito yomweyo. Limeneli si yankho, ndi ciopsezo, ndipo ndi comweco cimene akapitao a mugodi anali kunena. Mutu umodzi susenza denga: anchito a m'mahotela ndi malo a alendo m'Zambia ali ndi bungwe lao, ndipo lamulo lipatsa wanchito ufulu wolowa bungwe.

Nazonso nchitozi si zopepuka monga zioneka pa cithunzi ca pa Facebook. Woyang'anira dziwe asunga miyoyo ya ana a eni, amene makolo ao ali kutali ndi botolo m'manja. Mwana akamira, dzina loyamba kuchulidwa ku polisi ndi lace, ngakhale palibe anamphunzitsa kupulumutsa womira. Wothira mankhwala m'madzi apuma mpweya woluma m'maso ndi m'cifuwa. Woimika zibaluni agwira nthambo za magetsi pa udzu wonyowa. Ndipo pamwamba pa zonse ayenera kumwetulira, pakuti cimene agulitsa pamalopo ndico cimwemwe. Woledzera akamtukwana, kapena akamgwira mtsikana dzanja, kapitao ati mlendo salakwa. Kumwetulira kwa maora 10 ndi nchito, ndipo kutopetsa monga khasu. Wobvulala pa nchito ali ndi thandizo ku Workers' Compensation Fund, koma njira ikhala yaitali kwa munthu amene dzina lace silinalembedwe m'buku liri lonse.

Acinyamata nawonso ali ndi mbali yao pa mlanduwu. Ambiri akondwera ndi yunifomu kuposa pepala la pangano, ndipo akamva za NAPSA amaseka, nati ukalamba uli kutali. Bwana wina amawanyengerera kuti asawadule 5 pa 100 ya penshoni kuti ndalama ya m'manja icuruke, osawauza kuti iyenso ayenera kuikapo 5 pa 100 yace, ndi kuti imene alikupulumutsa ndi yaceyo. Makolo ku Mpima, poona mwana acoka m'mawa atachena, amathokoza osafunsa kuti alandira zingati. Ndipo aphunzitsi, amene akadatha kupatula ora limodzi m'temu yotsiriza kuwerenga ziwerengero zinai zija pa bolodi, amasiya ana apite osadziwa.

Tsiku loyamba, asanabvale malaya a kampani, wofuna nchito afunse mwaulemu, cipewa ciri m'manja ngati afuna, kuti malipiro eni eni ndi angati popanda nsima, maora ndi angati, pangano lilembedwa liti, ndipo nambala yace ya NAPSA iperekedwa kwa yani. Asunge kabuku kace kolembamo ora lofika ndi ora loweruka, pakuti pa mlandu cikumbumtima ca kapitao cimafupika. Bwana woona sakwiya ndi mafunso otere, ndipo alipo otero m'Kabwe. Wokwiya wayankha kale. Kabwe ndi likulu la Central Province, ndipo ofesi ya Labour iri m'tauni momwemo. Wopita kumeneko atenge reji yace ndi kabuku kaja.