Mwana akafuna udokotala wa ziweto, asathawe Chemistry

Makolo anzanga a ku Umm Ghuwailina ndi madera ena a Doha, mwana akanena kuti akufuna kudzakhala dokotala wa ziweto, nkhaniyo imayambira pa maphunziro amene amasankha ali ndi zaka 15 kapena 16. Ana ambiri amathawa Chemistry poiona yovuta. Komatu mmene mankhwala amagwirira ntchito m'thupi la ng'ombe kapena mbuzi zimamveka kudzera mu Organic Chemistry, phunziro la zinthu zokhala ndi carbon.

Dziko lililonse lili ndi njira yake. Ku Britain, sukulu zambiri zimafuna Chemistry ndi Biology pa A-level, ndipo mafomu a UCAS amatsekedwa pa 15 October. Ku America, wophunzira amayamba kaye maphunziro a digiri yoyamba, ndipo sukulu zambiri zimafuna Organic Chemistry yokhala ndi ntchito ya mu labotale. Ena salandira yophunzira pa intaneti pokha. Kufupi ndi kwathu kuli Onderstepoort ya University of Pretoria, sukulu ya Samora Machel ku UNZA, komanso LUANAR ku Lilongwe.

Choncho khalani pansi ndi mwana, mugwirizane dziko limene akaphunzire. Kenako lemberani sukuluyo kalata, ikuuzeni zimene imafuna, asanasankhe maphunziro ake. Phunziro limodzi likasowa, mwana amataya chaka chathunthu, ndipo ndalama zimene munakhetsera thukuta kuno zimapita pachabe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.