Adani a Msilikali Anali pa Msasa Pomwe

Mwana wa sukulu akafunsidwa za nkhondo ya pachiŵeniŵeni imene inachitika ku America kuyambira chaka cha 1861 kufikira 1865, kaŵirikaŵiri amatchula Abraham Lincoln, akazembe Ulysses Grant ndi Robert Lee, ndiponso nkhondo ya ku Gettysburg. Yankho lotere limakhozetsa mayeso, koma limabisa zambiri. Nkhondo ya ku Gettysburg inatenga masiku atatu okha m'mwezi wa July 1863, pamene msilikali wamba anatha miyezi yambirimbiri ali pa msasa, osamuona n'komwe mdani. Moyo wa pa msasawo ndiwo uyenera kuphunzitsidwa mosamala, makamaka kwa achinyamata amene amaganiza kuti nkhondo ndi ulemerero.

Tsiku la msilikali linkayamba m'bandakucha ndi kulira kwa lipenga kapena ng'oma. Maina akaitanidwa, ankapita ku perete, ndipo pereteyo ankaibwereza kangapo pa tsiku. Nthaŵi yotsala inkathera pa kutema nkhuni, kutunga madzi, kukumba zimbudzi ndi kulondera msasa. M'nyengo ya chisanu, pamene misewu inali matope okhaokha ndipo magulu ankhondo sankayenda kwenikweni, asilikali ankasiya mahema ndi kumanga timakumbi ta mitengo, namata mipata ndi dothi. Madzulo ena ankalemba makalata opita kwao, ena ankaimba kapena kupemphera, enanso ankataya malipiro ao pa njuga.

Chakudya cha asilikali a kumpoto chinali nyama ya nkhumba yothira mchere, khofi ndi mabisiketi ouma gwa, opangidwa ndi ufa watirigu ndi madzi. Mabisiketiwo ankaŵaphwanya ndi chigunda cha mfuti kapena kuŵaviika m'khofi, ndipo nthaŵi zambiri ankatulukamo anankafumbwe. Asilikali a kumwera ankadalira ufa wa chimanga, ndipo pamene nkhondo inkapita kumapeto, njala ndi kusoŵa nsapato zinachititsa ambiri kuthaŵa usilikali.

Koma mdani wamkulu anali matenda. Mwa asilikali oposa 600,000 amene anafa pa nkhondoyi, pafupifupi aŵiri mwa atatu alionse anafa ndi matenda, osati ndi chipolopolo. Anyamata ochokera kumidzi, amene anali asanakhalepo m'chikhamu cha anthu, ankagwidwa ndi chikuku atangofika. Zimbudzi zinali maenje osatseka, kaŵirikaŵiri okumbidwa pafupi ndi madzi akumwa, kotero kuti kamwazi ndi tayifodi zinkafalikira msasa wonse. Nsabwe zinali m'zovala za pafupifupi aliyense, ndipo m'madera a madambo malungo anali ponseponse. Madokotala a masiku amenewo anali asanadziŵe bwino kuti tizilombo tosaoneka ndi maso ndi timene timafalitsa matenda. Bungwe la United States Sanitary Commission, limene linakhazikitsidwa mu 1861, linkayendera misasa ya kumpoto ndi kulimbikitsa ukhondo, koma kusintha makhalidwe a anthu zikwizikwi kunali kovuta.

Pa msasa pomwepo panaonekeranso tsankho. Amuna akuda pafupifupi 180,000 analoŵa gulu lankhondo la kumpoto, ambiri a iwo atachoka mu ukapolo. Msilikali wamba wachizungu ankalandira madola 13 pa mwezi, pamene wakuda ankalandira madola 10, ndipo pa ndalamazo ankadulapo madola 3 a zovala. Asilikali akuda a gulu la 54 la ku Massachusetts anakana kulandira malipiro ochepawo kwa nthaŵi yoposa chaka, ngakhale kuti mabanja ao ankavutika kwao. Sanataye mfuti, anapitiriza kumenya nkhondo, mpaka nyumba ya malamulo inavomereza malipiro ofanana mu June 1864. Kupirira kotere kunafuna mtima wolimba mofanana ndi kuima pamaso pa mizinga.

Nkhani zimenezi zili ndi ntchito m'kalasi. Mphunzitsi amene angophunzitsa maina a akazembe ndi masiku a nkhondo amasiya ana akuganiza kuti nkhondo imatha ndi chamuna cha tsiku limodzi. Amene awonjezerapo za chimbudzi, chitsime, chakudya ndi malipiro amaŵaonetsa mtengo weniweni wa nkhondo, ndi anthu amene amaulipira. Phunziro la mbiri limakumana pamenepo ndi phunziro la zaumoyo, pakuti matenda amene anapha asilikali aja amabuka paliponse pamene anthu ambiri asonkhana popanda madzi abwino ndi zimbudzi zosamalika, kaya ndi pa sukulu yogonera pompo, pa msika kapena pa msasa wa anthu othaŵa kwao.

Akuluakulu anati nkhondo siimanga mudzi. Mnyamata amene wamaliza sukulu, asanakopeke ndi mau a munthu aliyense wotamanda chiwawa, ayenera kudziŵa kuti ambiri mwa anyamata amene anafa pa nkhondo ya ku America anafera m'hema kapena m'chipatala, akutsekula m'mimba, kutali ndi amayi ao. Udindo womuuza zimenezi uli m'manja mwa aphunzitsi.