Alendo a ku wodi aphunzire mawu a odwala athu

Alendo si achilendo pa Malamulo. Kuyambira 1902, pamene Thomas Branch anafika kuchokera ku America kudzayamba ntchito ya mpingo wa Adventist pamalo ano, ku Makwasa kwakhala kukubwera anthu olankhula zinenero zina. Masiku ano timaona ophunzira zaudokotala, ena a ku yunivesite ya Loma Linda ku California, akutsatira madokotala m'mawodi kuti aone mmene ntchito imayendera. Timawalandira ndi manja awiri, pakuti mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Koma ambiri mwa iwo samva Chichewa, ndipo ife tikuti nkhani imeneyi tisaione mopepuka.

Odwala athu ambiri amachokera m'midzi ndi m'maesiteti a tiyi a m'boma la Thyolo. Amalankhula Chichewa kapena Chimang'anja, ena achikulire Chilomwe. Mawu awo sawolokera ku Chingerezi mosavuta. Munthu akati ali ndi malungo, mwina akunena kutentha kwa thupi ndi kuphwanya m'mafupa basi, osati matenda ofalitsidwa ndi udzudzu. Chifuwa ndi chifuwa chachikulu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mayi akati sanapite kumwezi, mlendo wodalira dikishonale sangadziwe kuti funso lotsatira ndi la pakati. Mlendo amene sakumva zimenezi amaona jekeseni, diripi ndi bandeji, koma kufunsa wodwala, komwe ndi poyambira kupeza matenda, kumamudutsa.

Nthawi zambiri amene amaima pakati pa mlendo ndi wodwala ndife ophunzira a pano. Ena mwa ife amaiona ngati ntchito yongothandiza, kapena mwayi wopukuta Chingerezi. Ife tikuti kumasulira ku wodi ndi mbali ya chithandizo chenichenicho. Wodwala akalankhula kwa nthawi yaitali, womasulira n'kungoti "akuti mutu ukupweteka", ndiye kuti wasankha yekha zoti dokotala amve. Mwina zomwe wazisiyazo ndizo zikanasonyeza kuthamanga kwa magazi.

Palinso nkhani ya chinsinsi. Mayi wothyola tiyi, amene analembedwa ntchito ya nyengo yamvula yokha, amaopa kuti matenda ake akamveka sadzalembedwanso chaka chamawa. Munthu wotere sangamasuke ngati womasulira ndi kapitawo amene wamuperekeza, kapena mwana wake. Sangamasukenso ngati pabedi pake paima mlendo amene palibe wamufotokozera kuti ndani. Kungokhala chete kwa wodwala si kuvomera. Ambiri a kwathu amachita manyazi kukaniza munthu wovala choyera.

Choncho tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, mlendo aliyense asanalowe mu wodi aphunzire kulonjera, kudzitchula dzina, ndi mawu ochepa monga "pakupweteka ndi pati?" ndi "pepani". Chachiwiri, wodwala auzidwe m'chinenero chake kuti mlendoyo ndi wophunzira, ndipo akhale ndi ufulu wokana popanda kuopa kuti sathandizidwa. Chachitatu, ife omasulira tinene zonse monga zanenedwera, osaonjeza kapena kuchotsa, ndipo pamene liwu latizunguza tifunse namwino.

Ena anena kuti mlendo wa milungu inayi sangaphunzire chinenero. N'zoona, ndipo sitikupempha kuti adziwe Chichewa chonse. Koma gogo amene wamva "mwadzuka bwanji, agogo?" amayamba kufotokoza momasuka kusiyana ndi amene wangozunguliridwa n'kumakambidwa m'Chingerezi.

Tikumbukirenso kuti mawa alendo tidzakhala ife. Tikamaliza maphunziro, wina adzatumizidwa ku Nsanje kwa olankhula Chisena, wina ku Mangochi kwa olankhula Chiyao, wina ku Mzimba kwa olankhula Chitumbuka. Zimene tikupempha kwa anzathu a ku California tidzayenera kuzichita tokha kumeneko. Tiyambiretu tsopano, pophunzira Chilomwe cha agogo amene agona mu wodi yathu sabata ino.