Mkute wa Galu, Usipa wa Mphaka

Pa Boma pa Chiradzulu galu amadya zimene banja lasiya: mkute wothira msuzi wadzulo, phala la gaga, fupa likapezeka. Mphaka sawerengeredwa n'komwe, amati adya makoswe. Tsono m'mafoni mwafika uphungu wakuti chiweto chilichonse chizidya molingana ndi msinkhu wake ndi ntchito yake, ndiponso kuti mankhwala achilengedwe amaposa a m'botolo. Ambiri amangoseka. Mwana wagona ndi njala, iwe ukayeze chakudya cha galu pasikelo?

Osekawo ali ndi mfundo. Thumba la chakudya cha agalu m'masitolo a ku Limbe silingafikirike kwa munthu wodalira nandolo ndi tomato. Thumbalonso si chishango: mu 2011 agalu oposa 200 anafa ku Gauteng, ku South Africa, atadya chakudya chogula chokhala ndi poizoni wa chuku. Ndipo nsima si yolakwika. Kafukufuku wa asayansi a ku Sweden mu 2013 anaonetsa kuti galu amagaya zakudya zaufa bwino kuposa mmbulu, kholo lake, chifukwa wakhala pakhomo pa mlimi zaka zikwizikwi.

Koma taonani galu wamkazi woyamwitsa ana asanu, nthiti zikuwerengeka, akunyambita mbale yomweyo ya gaga imene amapatsidwa galu wongogona pakhonde. Apa aphungu a m'mafoni aja sakunama. Woyamwitsa ndi tiana tosiya bere amafuna zomanga thupi zambiri, ndipo kadzanja ka bonya kapena usipa m'phalamo kamasintha zinthu popanda ulendo wa ku Limbe. Gaga wochita nkhungu, amene timati "apatseni agalu", ndiye amanyamula poizoni wa chuku uja amene amawononga chiwindi.

Mphaka si kagalu kakang'ono. Thupi lake limafuna taurine, yemwe amapezeka m'nyama ndi nsomba. Akasowa, maso amachita khungu ndipo mtima umafooka. Makoswe akatha m'nkhokwe, nsima yokha siimusunga. Panado amene mungam'patse mwachifundo amamupha.

Pamene ndimasiyana ndi aphunguwo ndi pa mawu akuti "zachilengedwe". Ombwe amathamangitsadi nkhupakupa, alimi amadziwa. Koma ndi chomera chomwecho chimene ena amaphera nsomba m'madambo, choncho muyeso si nkhani yamasewera. Adyo, amene amamutama kuti amachotsa njoka za m'mimba, ali m'gulu limodzi ndi anyezi: akachuluka amaswa maselo ofiira a magazi a galu ndi mphaka. Nafenso tili ndi "uphungu" wathu wapakhomo, wopaka galu wamphere oilo wakutha wagalimoto, kapena kumuthirira tsabola m'chakudya kuti akhale wolusa. Galu wotero salondera bwino, amangovutika.

Nanga chiwewe? Palibe tsamba kapena muzu umene umachiletsa, ndipo zizindikiro zikaoneka, kwa galu kapena kwa mwana wolumidwa, mapeto ake ndi maliro. Bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu katemera mumzinda wa Blantyre mu 2015, kenako ntchitoyo inafika ku Zomba ndi kuno ku Chiradzulu. Cholinga n'kutemera agalu 70 mwa 100 alionse, chifukwa pamenepo matendawa amasowa podumphira. Munthu wokana jekeseni ponena kuti galu wake ndi wachilengedwe akuika pachiswe ana a mnansi wake opita kusukulu m'mamawa.

Chodabwitsa n'chakuti m'boma lomwe lino muli Mikolongwe, kumene alangizi a ziweto amaphunzira. Timawafunsa za ng'ombe yamkaka, za mbuzi, za chitopa cha nkhuku. Za galu timachita manyazi. Tsiku la katemera anyamata ndi amene amakoka agalu pa zingwe za luzi, akuluakulu ali kumunda. Mlangizi amabaya, n'kulemba, n'kuitana wotsatira, ndipo palibe amene wamufunsa kuti kagalu kamimba yotupa kali pamzerepo kadye chiyani.