Wodwala Akamaona Zomwe Ife Sitikuziona

Kuno ku Chigwa cha Shire, munthu akayamba kuloza njoka pakhoma pomwe palibe kanthu, kapena kuyankha mawu omwe enafe sitikuwamva, timafulumira kunena kuti amulodza kapena wagwidwa ziwanda. Ena amafika pomumanga ndi chingwe. Pamene tikukangana za yemwe wamuchita chipongwe, matenda amakhala akukula.

Zilubwelubwe zikayamba mwadzidzidzi, kawirikawiri gwero lake limakhala m'thupi. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje udzudzu sutha, ndipo malungo akafika ku ubongo munthu amabwebweta, kukomoka, ngakhale kumwalira m'masiku ochepa. Matenda oumitsa khosi, kuchepa kwa shuga m'magazi, komanso kutha madzi m'thupi dzuwa likaswa mtengo mu Okutobala ndi Novembala, zimasokonezanso mutu, makamaka kwa okalamba. Wozolowera kachasu akasiya kamodzin'kamodzi, pakapita masiku awiri kapena atatu amatha kunjenjemera n'kumaona tizilombo tikumukwawa. Chamba nachonso chimachititsa zomwezi.

N'chifukwa chake namwino pachipatala cha boma cha Chikwawa kapena cha Nsanje sathamangira kunena kuti ndi misala. Amayeza kutentha kwa thupi, kuthamanga kwa magazi, malungo ndi shuga. Amafunsa wodwalayo dzina lake, komwe ali, ndiponso kuti lero n'lachingati. Kenaka amafunsa ife omudwazika: Zinayamba liti? Akugona tulo? Akumwa mankhwala anji? Anamenyetsa mutu penapake? Tiyankhe zoona, ngakhale za mowa ndi chamba, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tisaiwalenso kabuku kake ka kuchipatala.

Funso lalikulu ndi ili: mawuwo akumuuza chiyani? Ngati akumulamula kudzivulaza kapena kuvulaza ena, tisamusiye yekha ngakhale kamphindi.

Pomusamalira, tisamuseke kapena kukangana naye, chifukwa kwa iye njokayo ndi yeniyeni. Koma tisanamizirenso kuti tikuiona. Tinene modekha kuti, "Bambo, ine sindikuiona, koma ndikuona kuti mukuchita mantha. Ndili nanu pompano." Azilankhula naye munthu mmodzi, osati chikhamu. Usiku nyale iziyaka, popeza mdima umachulukitsa zithunzithunzi. Mipeni, zikwanje, zingwe ndi mankhwala opopera thonje tizibise kutali. Ngati akutha kumeza, tizimupatsa madzi pafupipafupi.

Zoyeza zikaonetsa kuti thupi lili bwino, akhoza kukhala matenda a m'maganizo, ndipo nawonso ali ndi mankhwala. Ambiri amathandizidwa pachipatala chachikulu cha m'boma lawo lomwelo. Ovutika kwambiri ndiwo amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital. Akayamba kupeza bwino asaleke mankhwala popanda uphungu wa dokotala, kuopa kuti mawu aja angabwererenso.

Tipemphere naye ndithu, koma motsitsa mawu, osati kumuzinga n'kumamukuwira. Ndipo pempherolo lisachedwetse ulendo. Thupi likatentha, khosi likauma, akayamba kugwa ngati wakhunyu kapena kulephera kudzuka, tinyamuke naye nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.